Mwala wa Mbachi

Sunthirani pafupi, motowu usazime ndisanafike pakati. Nkhaniyi ndi ya munthu amene analakwa chifukwa chokonda kulongosola zinthu. Anthu otere alipo, ndipo ine ndimawaopa kuposa alesi, chifukwa mlesi akapeza chinthu chomwe sakuchimvetsa amachisiya pomwepo.

Dzina lawo linali a Yotamu Chalera, kwawo ku Ntcheu. Anagwira ntchito yoyeza nyengo zaka makumi atatu ndi ziwiri, kuyeza mvula, mphepo ndi kutentha, n'kumalemba m'buku tsiku ndi tsiku osaphonya ngakhale pa Khirisimasi. Atapuma pa ntchito, abale ankayesa kuti abwerera kumudzi kukalima kachewere. Koma ayi, analongedza katundu ulendo wa kumpoto, ku Kavuli, katauni kakang'ono ka m'mphepete mwa nyanja komwe msewu wa phula umathera pamsika ngati watopa.

Chinawatengera kumeneko ndi akazi awo, a Nankhoma. Mayiwa anali ndi nyamakazi yoopsa. Kuzizira kwa ku Ntcheu kukafika mu Juni, ankachita kunyamulidwa potuluka panja, ndipo a Chalera, amene analibe mwana ngakhale mmodzi, ankangoyang'ana mkazi wawoyo akufota. Tsiku lina anatsegula mabuku awo akale n'kuyamba kufufuza. Ena amasankha malo okhala potsata abale, iwo anasankha potsata manambala. Anapeza kuti ku Kavuli ngakhale mu Juni munthu amagona atafunda chitenje chimodzi. Mvula imagwa mpaka mu Meyi, nthochi ndi chinangwa zili biriwiri chaka chonse, ndipo dzuwa la mu Okutobala likati lipse, kamphepo ka kunyanja kamabwera kudzalichonderera.

Sananamizidwe. Anthu a ku Kavuli sadziwa kukhala m'nyumba. Abambo ali pa bawo pansi pa mitengo ya mango, amayi akuponyerana mpira pamchenga, Loweruka mpikisano wa mabwato, ndipo m'mawa uliwonse dzuwa likangotuluka, ana ndi akulu omwe amatsikira kumadzi kukasambira. Mayi wina woyandikana nawo nyumba, a NyaLongwe, munthu wofatsa amene kuseka kwake palibe ankakudziwa, ndiye anagwira a Nankhoma dzanja n'kuwalowetsa m'madzi. Anawaphunzitsa kuyandama, kenaka kupalasa. Patatha miyezi inayi, a Nankhoma ankapita okha kumsika ndodo ataiiwala kuseri kwa chitseko. A Chalera ataona zimenezo analowa kuchipinda n'kukalira, ngakhale pambuyo pake ankati chinawalowa m'maso ndi utsi.

Tsono pamalo osambirirapo pali thanthwe lalikulu losalala, ndipo pali lamulo limene silinalembedwe paliponse. Aliyense wolowa m'madzi amayamba waika mwala wake pathanthwepo, mwala wokwana m'dzanja, ndipo akatuluka amautola yekha. Wotsiriza kuchoka amangoponya diso. Pathanthwe pakakhala popanda kanthu, onse atuluka. Pakatsala mwala, mabwato alowe m'madzi msanga. A Chalera mwambowu unawafika pamtima. "Awa ndiye anthu odziwa kusunga kaundula," ankatero. Anawasankhira akazi awo mwala woyera wa kamzere kofiira.

Chinthu chimodzi chokha chinkawasowetsa mtendere. Kungodya ya thanthwelo kunali kadzenje konga mbale, ndipo m'menemo munali miyala isanu ndi iwiri yomera ndere, yosatoledwa m'mawa kapena madzulo. Kwa munthu amene moyo wake wonse anadana ndi nambala yabodza, miyala imeneyi inali ngati chitsotso m'diso. Tsiku lina anafunsa a Mhone, msodzi wachikulire amene ankayang'anira osambira.

"Nanga iyi ndi ya ndani?"

"Ili ndi eni ake, ada," anayankha a Mhone. Ada ndi mmene amaitanira bambo kumeneko. Atatero anayang'ana kunyanja n'kuyamba kukamba za mphepo.

Inu mwamva kale tanthauzo lake. A Chalera, ndi sukulu yawo yonse ija, anamva kuti eni akewo ndi anthu osasamala.

Loweruka lina mu Ogasiti tauni yonse inawoloka kupita kutsidya kukaonera gule wa malipenga, a Nankhoma ali m'gulu lomwelo. A Chalera anatsala dala. Masiku apitawo akazi awo anali ataterereka potsika pathanthwe n'kusupuka bondo, choncho iwo anaganiza zowamangira chopondera cha simenti kuti akadzabwera adzadabwe. Anakanda simenti, anaumba bwinobwino. Pofuna timiyala toika pamwamba kuti phazi lisamaterereke, maso awo anagwera m'kadzenje muja. Anaitola yonse isanu ndi iwiri, kuitsuka ndere, kuindandalika pasimenti yaiwisi. Anabwerera kunyumba akuimba likhweru, mtima uli mbee.

Madzulo a tsiku lomwelo mphepo ya mwera inayamba.

Mwera mu Ogasiti si nkhani. Umaomba masiku awiri kapena atatu, ndipo m'mawa umayamba wapumula. Koma uwu sunapumule. Mafunde anakwera mpaka kumiza thanthwe ndi chopondera chomwe, moti panalibe wopita kukasambira, ndipo panalibenso amene anaona kuti m'kadzenje muja mulibe kanthu.

Pabwalo la nyumba yawo a Chalera anali ndi chitini choyezera mvula, ndipo ankachiyang'ana nthawi ya eyiti koloko m'mawa uliwonse, chilimwe ndi dzinja lomwe, chifukwa chizolowezi sichipuma pa ntchito. Lolemba anapeza muli madzi. Kumwamba kunali kopanda ndi kamtambo komwe, fumbi pabwalo lili gwa. Anawathira m'kagalasi koyezera n'kuwayang'ana padzuwa. Pansi pake panadikha timchenga toyera. Anaima nthawi yaitali cholembera chili m'manja, osadziwa cholemba. Lachiwiri madzi aja anachuluka pang'ono, ndipo munali kachigoba ka nkhono.

M'tauni namo zinthu zinayamba kusowa. Sizinali ndalama kapena nkhuku ayi, koma zitenje ndi mabulangete oyanikidwa pachingwe. Zikasowa lero, mawa ankazipeza panjira yotsikira kunyanja zitapindidwa mwaulemu, zili zonyowa. Wakuba wanji amene amapinda? Amuna a pa bawo anapeza maenje a bawo lawo atadzaza madzi, mbali imodzi yokha, ngati wina wa manja onyowa anakhala pamenepo n'kumasewera yekha. Mayi wogulitsa mandasi anati anaona mapazi a madzi pa phula masana dzuwa lili paliwombo, akuchokera kunyanja. Mapaziwo anafika pomwe kale panali sitolo ya mmwenye, anazungulirazungulira, kenaka anabwerera. Agalu a m'tauni monse anasiya kuuwa, ankangogona mitu ili pakati pa miyendo.

Anthu sankakamba zambiri. Ankangoitana ana msanga, ndipo popereka moni ankayamba ayang'ana kumapazi.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankaoneka kuti zamuyendera, a NyaLongwe. Mayi uja wosaseka anayamba kuimba akusesa. Kumsika ankagula nsomba ziwiri pomwe ankakhala okha. M'mawa uliwonse ankayanika mphasa padzuwa, ndipo pakhomo pawo, pomwe phazi limaponda polowa m'nyumba, pankakhala ponyowa.

Lachisanu masana a Chalera anakwera kaphiri ka kuseri kwa tauni, komwe ankakonda kukayang'anira mitambo. Pobwerera, pamalo pomwe njira imapanikizika pakati pa minda ya chinangwa, anamva wina akuwatsata. Phazi lililonse linkamveka kuti chapa, chapa, ngati la munthu woyenda m'dambo. Anaima, nayenso anaima. Fungo la ndere linawapeza. Sanatembenuke bwinobwino, anangoyang'ana pansi cham'mbali, n'kuona mapazi awiri otuwa, okwinyika ngati manja a munthu amene wachapa tsiku lonse.

"Ada," anatero mawu otsika, aulemu, omveka ngati munthu ali ndi madzi m'kamwa. "Tatuluka. Tsono tipite kuti?"

A Chalera, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, anathamanga liwiro limene sanathamangepo chichokereni kusukulu. Koma chimene chinawakhalira mumtima si mantha okha. Mawu aja sanali oopseza. Anali a munthu wosochera amene akuzizidwa.

Atafika kunyumba anafotokozera akazi awo zonse, ndipo pofuna kudzilimbitsa mtima anaululanso za chopondera chija, chimene ankachisunga ngati mphatso. Atatchula za miyala, a Nankhoma anagwira pakamwa.

"Abambo, mwati miyala yake iti?"

"Yotsalira ija, ya m'kadzenje. Inkasokoneza chiwerengero."

"Mayo ine! Bwanji osandifunsa? Ija ndi ya anthu amene analowa m'madzi osatulukanso. Abale awo amaisiya pomwepo, kuti adziwe kuti akudikiridwabe. Umodzi ndi wa Mbachi, mwana wa a NyaLongwe, mtsikana amene ankaposa anyamata onse posambira. Papita zaka khumi ndi chimodzi. Mumayesa mayi aja amalawirira kuthanthwe m'mawa uliwonse kukatani?"

A Chalera anakhala pansi. Ndikuuzeni, palibe manyazi owawa ngati a munthu wanzeru amene wazindikira kuti aliyense ankadziwa kupatula iye.

Anapita kwa a Mhone chipewa chili m'manja. Mkuluyo anamvetsera akusoka ukonde, osakweza mutu. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunawawa kwambiri.

"Mwala ukachoka pathanthwe, ndiye kuti mwini wake watuluka," anatero potsiriza. "Inu munawauza kuti atuluke, ada. Amvera."

M'mawa mwake amuna anayi anatsikira kuthanthwe ndi hamala ndi chizulo, atamangana chingwe m'chiuno chifukwa cha mafunde. A Chalera anaswa okha chopondera chawo. Anagumula mwala woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chimodzi, ndipo a Mhone ankalandira uliwonse ndi manja awiri, kuutchula dzina chapansipansi, n'kuubwezera pamalo pake. Pamene panayenera kukhala wachisanu ndi chiwiri panali kabowo kosalala. Sanali mafunde amene anauchotsa. Unazulidwa simenti ikadali yaiwisi, ndipo m'mbali mwake munatsala zidindo za zala.

"Wa Mbachi," anatero a Mhone, nkhope itagwa. "Nyanja imadziwa chiwerengero cha anthu ake kuposa buku lanu, ada. M'kadzenje umu muli malo asanu ndi awiri. Amodzi akakhala opanda mwini, apeza mwini. Ufunike mwala umenewu."

Mwera unaleka masana omwewo, ngati wina watseka chitseko. Zitenje zinasiya kusowa, agalu anayambanso kuuwa. Anthu anafunafuna mwala uja mumchenga masiku awiri, kenaka anayamba kunena kuti mwina zatha. Koma a Chalera ankadziwa kuti sizinathe, chifukwa m'chitini chawo madzi ankapezekabe. Ankadziwanso munthu mmodzi yekha amene sanapite ku malipenga tsiku lija kupatula iwo, munthu amene pakhomo pake pankakhalabe ponyowa. Kawiri konse ananyamuka kuti akalankhule nawo a NyaLongwe. Kawiri konse anawapeza akuimba, n'kungopereka moni n'kubwerera. Munthu ungayambire pati kuuza mayi kuti abweze mwana wake?

Pamenepo n'kuti a Nankhoma atatha masabata awiri osalowa m'madzi, ndipo nyamakazi inabwerera ngati mlendo wodziwa njira. Ndodo ija inachoka kuseri kwa chitseko. M'mawa ankaluma mlomo pofuna kudzuka.

"Anzanga ayambiranso kusambira," anatero tsiku lina. "Nyanja ili bata ngati mafuta."

"Dikirani pang'ono, Nankhoma. Mwala uja upezeke kaye."

"Ndidikire mpaka muyambenso kundinyamula? Abambo, ine moyo uja sindiufunanso."

"Ndakupemphani."

Sanayankhe. Ndipo inu amene muli pabanja mukudziwa kuti mkazi akapanda kuyankha sikuti wavomera.

Lachinayi, pa eyiti koloko, a Chalera anapita pa chitini chawo monga mwa masiku onse. Anachipeza chitadzaza mpaka kusefukira, madzi akuyenderera pamtengo wake. Anathamangira m'nyumba akuitana. Pabedi panalibe munthu, ndodo panalibe, mwala woyera uja umene unkakhala pawindo panalibenso.

Akutsika kunyanja anaona chinthu chimene mabuku awo onse akanachikana: chifunga mu Sepitembala, dzuwa litakwera kale. Chinagona pamadzi pokha, choyera, chokhuthala, chosasuntha. Pathanthwe anthu anali ataunjikana, aliyense mwala wake uli m'manja. Ndodo ya a Nankhoma inali itagonekedwa pambali.

"Analowa nafe limodzi," anatero mayi wina. "Anali pafupi ndi ine chonchi. Chifungachi chitangotsika, sindinawaonenso."

Mabwato atatu anali atalowa kale. Opalasa ankamveka akuitana, koma mawu awo ankabwerera okha. Ndipo pakati pa kuitanako, anthu akakhala phee, kunkamveka kupalasa kwa munthu wosambira, mwina kumanja, mwina kumanzere, mwina kutali. Amene anali ndi makutu akuthwa anati sanali munthu mmodzi, anali awiri.

A Chalera anafunafuna mwala woyera pomwe akazi awo ankauika masiku onse. Panalibe. A Mhone anawagwira paphewa n'kuwalozera kungodya. Unali m'kadzenje, pamalo achisanu ndi chiwiri, utakhala bwinobwino ngati unakhalamo kuyambira kale. Panalibe amene anauona ukupita m'menemo.

A Chalera anaugwira ndi dzanja limodzi, kenaka awiri. Kamwala kokwana m'thumba la malaya kanakana kusuntha ngati kanamera mizu.

"Musadzipweteke, ada," anatero a Mhone. "Wotola ndi mwini wake."

Apa a Chalera sanafunsenso nzeru kwa munthu. Anakwera mtunda uja akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, mpaka pakhomo pa a NyaLongwe. Anawapeza atakhala pakhonde chipeso chili m'manja, akuyang'ana mphasa imene inali patsogolo pawo. Tsiku limenelo sankaimba. A Chalera anagwada pafumbi.

"Amayi, ndabwera kudzakugwirani mwendo. Nankhoma ali m'madzi. Mwala wake walowa pamalo a mwana wanu."

A NyaLongwe sanadabwe, ndipo sanakane. Dzanja lawo linapita pa mfundo ya chitenje m'chiuno.

"Ndinaupeza pasimenti tsiku lomwe lija," anatero pang'onopang'ono. "Ndinati, mwana wanga azipondedwa ndi mapazi? Ndinauzula kuti ndiubwezere. Koma utangokhala m'dzanja langa, ndinalephera. Zaka khumi ndi chimodzi, ada, ndakhala ndikuuyang'ana osaugwira."

"Kulakwa ndi kwanga, amayi. Konse."

"Sindimuona nkhope ayi. Musaganize kuti ndimamuona. Ndimangopeza mphasa yanyowa, madzi a m'chikho achepa, chipeso chasuntha. Koma ndimadziwa kuti wagona m'nyumba. Mukudziwa kukoma kwake kotseka chitseko ukudziwa kuti onse ali mkati?"

Misozi ya a Chalera inkangotsika, ndipo ulendo uno panalibe utsi woti aunamizire.

"Ndilibe wina, amayi. Ndi yekhayo."

"Inenso anali yekhayo."

Kunyanja kunkamveka mawu a opalasa, atayamba kusasa. A NyaLongwe anaweramira mphasa ija n'kuisisita ndi chikhatho. Inali youma.

"Lero walawirira," anatero. "Sanachitepo chonchi. Ndiye kuti ali komweko." Anatembenukira kunyanja. "Ndinawalowetsa m'madzi ndine mayi aja. Ndinawauza kuti nyanja siigwetsa munthu amene waikhulupirira."

Anadzuka, kumanga chitenje mwamphamvu, n'kuyamba kutsika. Sanathamange. A Chalera ankafuna kuwakoka dzanja, koma anadziletsa, n'kumayenda pambuyo pawo. Anthu pathanthwe anapatuka okha. A NyaLongwe anagwada pa kadzenje, anamasula mfundo, n'kutulutsa kamwala kakuda kosalala, kamene m'mbali mwake munali mutakakamira simenti. Anakachotsa simentiyo ndi chikhadabo, modekha, monga mmene mayi amachotsera chakudya pa tsaya la mwana.

"Mbachi," anatero, "wacheza mokwanira, mwana wanga. Malo ako ndi ano. Ndizibwera m'mawa monga kale. Usaope, sindidzasiya."

Anaika kamwalako m'mphepete mwa kadzenje n'kuchotsa dzanja. Ena amati anakakankha, ena amati sanakakhudzenso. Chimene onse anamva ndi kaphokoso kakang'ono, kuti go, ndipo mwala woyera wa kamzere kofiira unagubuduka kuchoka m'kadzenje, n'kukaima pakati pa thanthwe.

Chifunga chinayamba kung'ambika. Pafupi pomwepo, malo amene mabwato anali atadutsapo kangapo, panaoneka a Nankhoma atagona chagada pamadzi, manja ali tambalale, chibwano chitakwezeka m'mwamba ngati pali dzanja pansi pake. Ankabwera kumtunda pang'onopang'ono osapalasa, madzi opanda funde ndi limodzi lomwe. Atafika posaya, mutu wawo unatsika mwadzidzidzi, anamwa madzi n'kutsokomola, ndipo amuna analumphira m'madzi kukawatenga.

Anawafunditsa zitenje. Mano akugundana, chinthu choyamba chimene anachita ndi kukwawa mpaka pa mwala wawo. Anautola ndi zala ziwiri.

"Miyendo inauma gwa," anatero atapeza mpweya. "Madzi ankandikokera pansi, ndinkamva ndithu akundikoka. Koma wina anandigwira apa." Analoza pansi pa chibwano. "Kadzanja kakang'ono, kozizira. Nthawi yonseyi sanandisiye. Ndinkamva kuti nayenso watopa. Ankangonena kukhutu kwanga kuti, limbani mtima, amama akubwera, amama sangakusiyeni."

Onse anatembenukira kwa a NyaLongwe. Mayiwo anagwedeza mutu kamodzi, ngati munthu amene wauzidwa zomwe ankazidziwa kale za mwana wake. Kenaka anatola chipeso chimene chinagwa pathanthwe n'kukwera mtunda okha. Palibe anayerekeza kuwatsata.

M'mawa mwake pa eyiti koloko chitini cha a Chalera chinali chouma. Analemba ziro m'buku, nambala yoona imene anaidikira masabata atatu, koma sanakondwe nayo. Anasuzumira kuseri kwa mpanda. A NyaLongwe anali atabwerako kale kuthanthwe, atakhala pakhonde tsache lili pamiyendo, akuyang'ana pakhomo pawo. Panali pouma, fumbi lokhalokha. Zinawawawa a Chalera kuposa china chilichonse chimene anachionapo, chifukwa anadziwa kuti mayiyu waika maliro a mwana mmodzi kawiri, ndipo kachiwiriko chifukwa cha iwo.

Anakonza zopepesa zambiri m'mutu mwawo, zina zokhala ndi mfundo yoyamba ndi yachiwiri, koma zonse zinali zopanda mchere. Amene anadziwa chochita ndi a Nankhoma. Patatha masiku atatu anabwerera kumadzi, amuna awo atakhala pathanthwe maso ali pa mwala woyera. Atatuluka anatola mwala wawo, koma sanadzipukute. Anangomanga chitenje pathupi lonyowa n'kukwera mtunda, madzi akudontha. Anadutsa nyumba yawo osaima, n'kukafika pakhomo pa a NyaLongwe, pomwe phazi limaponda polowa m'nyumba.

"Odi, ama. Ndatuluka."

A NyaLongwe anatsegula chitseko. Anayang'ana nkhope ya mnzawoyo, kenaka anayang'ana pansi, pomwe mapazi awiri a madzi anali atadinda pafumbi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Lowani," anatero. "Mwazizidwa. Tiyi ali pamoto."

A Chalera akadali ku Kavuli, ndipo masiku ano akapeza chinthu chimene sakuchimvetsa amayamba afunsa akazi awo. Miyala m'kadzenje ikadali isanu ndi iwiri. Mukadzapitako, kasambireni ndithu, madzi ake ndi abwino ndipo nyengo yake ilibe inzake, koma mudzatole mwala wanu wokha. Ndipo mukadzadutsa pa nyumba yachitatu kuchokera kuthanthwe cha m'ma eyiti koloko n'kuona pakhomo pali ponyowa, musadzathawe. Ameneyo ndi munthu wamoyo, ndipo sanaphonyepo tsiku ndi limodzi lomwe.

Yanga yathera pamenepa. Sonkhezerani moto, wina apitirize.